Zikhadabo za Kadona

Tsiku limene mlongo wawo ankakwera basi kupita kunja kukafuna ntchito, mphunzitsi wa zamasewera amene aliyense ankawatchula kuti a Wezulo ananyamula kamwana ka mlongo wawoyo n'kuyankhula mokweza kuti mawu apose phokoso la injini.

"Pita, usacheuke. Uyu ndi wanga uja sindidzawasiyanitsa. Tsiku limene munthu adzamulakwire, woyamba kumuyankhulira ndidzakhala ine, ngakhale womulakwirayo atakhala wogona m'nyumba mwanga momwe."

Nthawi imeneyo kamwanako kanali kasanayambe sukulu. Pamene mayi ake ankabwerera, imvi zitayamba kale m'mbali mwa makutu, kanali katasanduka mtsikana wamtali woonda amene anzake ankamuti Nsungwi, ndipo diso lake lamanzere linali lotsekedwa ndi thonje ndi pulasitala.

"Funso langa ndi limodzi, achimwene," anatero mayi a Nsungwi. Nsapato zapaulendo zinali zikadali kuphazi, ndipo tiyi amene mlamu wawo anawaikira anali atazizira osakhudzidwa. "Chamubaya mwana wanga n'chiyani?"

"Mpira ndi mpira, chemwali. Anthu amavulala."

"Mpira ulibe mano. Ndinausewerapo mpira wamanja ine, woyimbira muli inu nomwe. Chamubaya n'chiyani?"

"Chala," anayankha akazi a Wezulo ataima pakhomo la khitchini, nsanza yopukutira mbale ili paphewa. "Chala cha mwana mnzake. Kapena kunja mwachokerako anthu ake alibe zala?"

"Dokotala sakunena chala, alamu. Akuti chinthu cholimba, chakuthwa, chinalowa n'kutsetsereka ngati lezala. Koma chabwino, tinene kuti chala. Cha ndani?"

Mayi a Nsungwi anaunguza pabalazapo. Pakhoma panali zithunzi za matimu a zaka zambiri, a Wezulo ali pakati paliponse, chifuwa patsogolo, wezulo ili m'khosi. Pansi pa zithunzizo panakhala mwana wawo wamkazi, Kadona, manja onse atawakhalira.

Nkhani yake inali yodziwika kwa aliyense kupatula amene ankafunsayo. Atsikana awiriwa ankagona chipinda chimodzi koma ankaphunzira kosiyana: Kadona kusukulu yolipira ya mpanda wanjerwa, Nsungwi kusukulu yoyendera kuseri kwa msika. Chaka chimenecho masukulu awiriwa anakumana mu fainolo ya chikho, pabwalo la sukulu yolipirayo. Kadona anali wogoletsa, Nsungwi wotchinga, ndiye kuti mmodzi ankayenera kuima pamphuno pa mnzake masewera onse. Lamulo la bungwe la masewera a m'sukulu limati woyimbira amene ali ndi m'bale m'bwalo anene, wina atenge wezulo. A Wezulo ananenadi, koma monga nthabwala. "Uku mwana, uku mwana, sikelo yalingana!" Akuluakulu anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Ndi changa, azakhali," anatero Kadona chapansipansi.

"Tseka pakamwa iwe!" anakalipa mayi ake. "Wafunsidwa?"

"Tandionetsa manja, mwana wanga."

Kadona anatulutsa manja. Zikhadabo zinali zowengedwa mpaka pamnofu, zina zitachita timagazi touma m'mbali. Mayi a Nsungwi anazipenya nthawi yaitali.

"Waziwenga mwankhanza bwanji amene waziwengayo. Anali pachangu?"

"Mwabwera kudzaona wodwala kapena kudzagwira ufiti m'nyumba mwanga?" anatero akazi a Wezulo. "Mwanayu tamulera ife. Chikuku chake tinachiona ife, matewera ake ndinachapa ine. Inu munali pafoni."

"Basi, basi," anatero a Wezulo akudzuka. "Bungwe lakonza tsiku lomva nkhaniyi. Zonse zikanenedwa kumeneko mwadongosolo. M'nyumba muno si bwalo la milandu."

M'mawa mwake mayi a Nsungwi anakhala pabedi la mwana wawo akumusintha thonje. Chipindacho chinali ndi mabedi awiri, lina lamatiresi okhuthala pafupi ndi windo, lina pafupi ndi chitseko. Sanafunikire kufunsa kuti la ndani ndi liti. Atachotsa pulasitala anayang'ana kamodzi, kenako anayang'ana kudenga mpaka m'maso mwawo mutauma.

"Likuoneka bwanji, amayi?"

"Likuoneka ngati diso. Usagwedezeke. Tandiuza za zikhadabo."

Nsungwi anayang'ana kuchitseko. Kadona anali atapita kusukulu, ndipo kuseri kwa nyumba kunkamveka madzi a zochapa.

"Zinali zomata. Zofiira, zazitali chonchi. Tsiku lotsatira masewerawo Kadona amakaperekeza ukwati wa mwana wa abwana a azakhali. Azakhali anati zimatidwiretu, nthawi sipezeka."

"Anamumata ndani?"

"Ine. Dzanja lamanja sakanatha kudzimata yekha."

"Ndipo unadziwa kuti mukukasewera."

"Ndinamuuza kuti amalume akamuchotsetsa pamzere. Iye anaseka. Nanenso ndinaseka. Ndinkaganiza kuti akangomukalipira, n'kumupatsa chowengera ngati mmene amachitira ndi ena."

Mayi a Nsungwi ankaudziwa mzerewo. Masewera asanayambe atsikana onse amandanda, zikhatho m'mwamba, zala zowongoka. Oyimbira awiri amayenda limodzi, phewa ndi phewa, kuyambira mtsikana woyamba wa timu iyi mpaka womaliza wa timu inayo. Amayang'ana kuchokera mbali ya chikhatho: chikhadabo chikasuzumira kuseri kwa nsonga ya chala, wenga kapena khala panja. Kenako makutu, khosi, tsitsi. Amayendera awiri osati chifukwa maso a munthu mmodzi ndi ochepa, koma chifukwa mtima wa munthu mmodzi uli ndi abale.

"Ndiye pamzere panachitika chiyani?"

"Amalume anauza Madamu, woyimbira mnzawo uja, kuti dzuwa lapendeka, agawane. Madamu anabwera kwa ife alendo. Anationa chala chimodzichimodzi, mnzanga wina anamuvulitsa kachibangiri ka ulusi mpaka analira. Amalume anapita kwa eni bwalo. Ndinkawaona ndili pamzere wathu. Atafika pa Kadona, iye anapinda zala. Amalume anamugwira patsaya n'kupita kwa wotsatira."

"Sunanene kanthu?"

"Ndikananena kwa ndani, amayi? Woyimbira wamkulu ndi amalume."

Zotsalazo anazifotokoza ngati za munthu wina. Mpira unagunda chitsulo n'kubwerera, onse awiri analumpha, dzanja la Kadona linatsika kudzera kumaso kwake. Anagwa atagwira kumaso, magazi akudutsa pakati pa zala. Mbali imeneyo ya bwalo inali ya a Wezulo, ndipo magazi akaoneka masewera amaima pomwepo. Koma mpira unali utabwerera m'manja mwa Kadona pansi pa golo. Wezulo inalira chigoli chitalowa kale.

"Dokotala akuti likhoza kumaonako kuwala," anatero Nsungwi, "akatswiri a maso a kuchipatala chachikulu akalichita opaleshoni lisanaume. Bungwe limatengera wovulala kumeneko ngati olakwa ali oyimbira. Ikakhala ngozi chabe, amangotumiza munthu kudzapepesa."

"Ndamva."

"Amalume akanena, amayi. Musawakalipire. Amangoopa azakhali."

Mayi ake anamata pulasitala watsopano, nausalaza ndi chala mobwerezabwereza ngakhale unali utagwira kale.

Sabata yotsatira anapita kukamufuna Madamu. Anamupeza pabwalo la sukulu yolipira ija, kumene ankaphunzitsa, akujambula mizere ndi laimu. Mayi a Nsungwi anaima kaye m'mphepete. Kale pamalopa panali dambo ndi mitengo ikuluikulu imene atsikana ankavulira kuseri kwake. Tsopano panali simenti, mpanda ndi chikwangwani cha kampani ya zakumwa. Tauni yonse inali itatero. Anthu anali ataphunzira kumanga mipanda yowongoka bwino, n'kuiwala zimene mipandayo inkayenera kuteteza.

Madamu anali mtsikana ndithu, wongotuluka kumene kukoleji. Atamva kuti mlendoyo ndi ndani anaika chitini pansi n'kupukuta manja m'siketi.

"Pepani kwambiri, mayi. Sindigona nazo."

"Kusagona kwanu sikumupenyetsa mwana wanga. Munagawaniranji mzere?"

"Ndinawauza kuti kumaphunziro anatiuza kuti tiziyenda limodzi. Iwo anati, 'Kamadamu, ine ndinayamba kuyimbira iwe usanamere mano. Maphunziro akowo anawalemba ndi ana anga.' Atsikana anaseka. Ndikanatani?"

"Mukanaima pomwepo osasuntha mpaka abwere. Lamulolo analiikira tsiku ngati limenelo, loti wamng'ono asasowe chonena pamaso pa wamkulu. Zikhadabozo munaziona?"

Madamu anayang'ana mzere woyera umene anali atangojambula.

"Ndinaona zofiira masewera ali mkati. Ndinaganiza kuti ndi penti."

"Munaganiza kapena munafuna kuganiza?"

"Mayi, ine pano sanandilembe ntchito mokhazikika. A hedi chikhocho achiika pa tebulo lawo, aliyense wolowa amachigwira. Ndikanena zimene ndinachita ine: ndinaona alendo. Za eni bwalo akanene mwini wake."

Tsiku lomva nkhani litayandikira, nyumba ija inasanduka ngati chipinda chodikirira dokotala. Anthu ankapatsana moni ndi mbale osayang'anana. Kadona anasiya kugona m'chipinda chawo, n'kumayala pabalaza. Masana ena mayi a Nsungwi anawapeza achimwene awo pakhonde akupukuta nsapato zawo zoyimbirira ndi kamswachi kakale.

"Mukukumbuka ndolo yanga, achimwene?"

"Ndolo iti?"

"Ndili folomu thuu. Ndinali nditangoboola kumene makutu, ndolo itakanirira m'chilonda. Ndinakupemphani kuti ndiphimbe ndi pulasitala. Munati, 'Pabwalo pano ndilibe mlongo.' Ndinaonera fainolo yonse ndili pansi pa mtengo, ndipo amayi sanakuyankhuleni mwezi wathunthu. Ndinakudani nazo kwambiri. Koma kunja kuja, mabwana akamandinyoza kuti kwathu kulibe dongosolo, ndinkati mumtima, simunawaone achimwene anga."

"Nthawi imeneyo ndinali mnyamata. Ndinalibe chotaya."

"Lero muli ndi chiyani?"

A Wezulo anaika nsapato pansi.

"Kadona amusankha mu timu ya achinyamata ya dziko. Ukudziwa tanthauzo lake? Ndikanena kuti anasewera ndi zomata, amuletsa kusewera, chikho chilandidwa, sukulu imuchotsa. Ine wezulo andilanda pamaso pa anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha kuigwira. Ndipo dokotala sanati disolo lichira. Anati mwina. Ukufuna nditaye mwana wamaso awiri chifukwa cha mwina?"

"Ndiye mwawasiyanitsa."

"Sindinatero. Ndikuganiza mokweza."

"Ganizani motsitsa, angakumveni mwana wanga. Akuti amalume akanena."

Akazi a Wezulo anatulukira pakona ya nyumba ndi beseni la zovala. Zikuoneka kuti sanali patali.

"Akanene chiyani? Alamu, tisanamizane. Zikhadabozo anamata ndani? Kamufunseni wanuyo. Guluu anagwira ndi iye, anapemerera ndi pakamwa pake kuti ziume. Ankadziwa. Bwanji sanakuwe pamzere? Mwina ankadikira kuti msuweni wake achotsedwe masewera ali mkati, timu yake ipambane. Wadzitchera yekha msampha, lero alire ndi ife?"

"Mukunena mwana amene mukuti munamuchapira matewera?"

"Yemweyo. Ndipo mukapitiriza, ndikazinena kubungweko. Aone ngati pali sukulu imene ingamulandire wa diso limodzi wochitira chiwembu m'bale wake."

"Mayi, mwaonjeza," anatero a Wezulo, koma mawu ake anali ofewa ngati a munthu wopempha mchere.

"Ndaonjeza? Inu khalani pomwepo muzipukuta nsapato. Mlongo wanuyu akwera basi posachedwa, abwerera kumene amadziwa dongosolo. Mutsala ndi ine."

Chitseko cha pabalaza chinali chotsegula. Nsungwi anaima mkati mwake atagwira kapu ya madzi omwera mankhwala. Sanayang'ane azakhali ake ngakhale mayi ake.

"Amalume, ine sindikufuna kuti Kadona achotsedwe sukulu. Mukangonena kuti simunaone manja ake. Zokhazo. Mukanena?"

"Ndikudziwa chokanena, mwana wanga. Kamwe mankhwala."

Bungwe linakumana m'kalasi ya sukulu yoyendera, madesiki atakankhidwira kukhoma. Pabolodi panali patatsala masamu a dzulo lake. Wapampando anali bambo wonenepa wa tayi, mmodzi wa anyamata aja amene a Wezulo anawaphunzitsa kugwira wezulo, ndipo polowa anawapatsa moni ndi manja awiri. Kadona anakhala ndi mayi ake benchi lakumanja, Nsungwi ndi mayi ake lakumanzere. A Wezulo anapatsidwa mpando pakati.

Anayamba ndi Madamu. Iye anati anaona alendo onse, manja, makutu, khosi, tsitsi.

"Lamulo limati muyende limodzi," anatero wapampando. "Munagawaniranji?"

Madamu anayang'ana a Wezulo, kenako pansi.

"Nthawi inali itatha."

"Inu ndi amene mwachokera kumaphunziro chaka chomwe chino. Mukanawakumbutsa akuluwa. Zimenezi tizilemba pa dzina lanu." Anatembenukira kwa a Wezulo, nkhope itamasuka. "Aphunzitsi, mutikhululukire, ndi mwambo chabe. Atsikana a eni bwalo munawaona?"

A Wezulo anaimirira, nakonza kolala.

"Ndinawaona."

"Onse? Chala chimodzichimodzi?"

"Onse. Kuyambira woyamba mpaka womaliza."

"Panalibe cholakwika?"

"Chikanakhalapo sakanalowa m'bwalo langa."

Wapampando anauza Kadona kuti aonetse manja. Mtsikanayo anatambasula zikhatho m'mwamba. Palibe chikhadabo chinasuzumira. Akuluakulu a bungwe anagwedeza mitu.

Mayi a Nsungwi anadzuka mpaka benchi linagunda khoma.

"Akunama! Zikhadabozo zawengedwa mwana wanga ali kale m'chipatala. Mufunseni mwiniwakeyu, ali pompano, pakamwa ali napo!"

"Mayi, khalani pansi. Ndinu ndani?"

"Ndine mayi wake. Ndinamubereka ndine."

"Sitikukana. Koma pano timayendera dongosolo. Ana a sukulu sayankhula okha pamaso pa bungwe, timawateteza. Amawayankhulira ndi owalera amene sukulu imawadziwa. Inu sukulu sikudziwani, ndipo pabwalo panalibe inu. Si choncho, aphunzitsi?"

"Ndi choncho," anatero a Wezulo. "Lamulo limatero."

Mlonda wa sukulu anasendera pafupi ndi mayi a Nsungwi. Iwo anakhala pansi. Nsungwi anawagwira dzanja, nalifinya ngati kuti iye ndiye anali wotonthoza.

"Tisanatseke," anatero wapampando akuyang'ana wotchi, "womulera mwana wovulalayu ndinu nomwe, aphunzitsi. Tavomereza umboni wanu monga woyimbira. Tsopano monga malume wake, muli ndi mawu omuyankhulira?"

Nsungwi anatembenuza mutu wonse kuti awaone ndi diso lotsalalo.

"Ndilibe," anatero a Wezulo, ndipo anakakhala benchi lakumanja, pambali pa mwana wawo.